Masewera a M'mbali mwa Manda ku Oregon

Anzanga amene tidadutsa m'kalasi ya Jogalafe mukukumbukira momwe tinkavutikira ndi mapu. Aphunzitsi ankatipatsa manambala asanu ndi limodzi n'kutiuza kuti tipeze chimene chili pamenepo, kaya ndi mlatho, tchalitchi kapena dibi la ng'ombe. Ambirife tinkangoona ngati chilango. Sindinkadziwa kuti kuli anthu padziko pano amene amachita zomwezo mwa kufuna kwawo, tsiku Loweruka, atatenga ndi ana omwe, ndiponso kuti ena mwa iwo manambalawo amawafikitsa pamanda a makolo awo.

Ndidaziona ndi maso anga pamene akuntchito adanditumiza ku maphunziro a milungu isanu ndi umodzi mumzinda wa Portland, m'chigawo cha Oregon, kumadzulo kwenikweni kwa dziko la America. Mayi wina amene tinkaphunzira naye, mbadwa ya komweko, adandiitana kuti ndikaone masewera amene iye ndi mwana wake amawakonda, otchedwa geocaching. Nditafunsa kumene tikasewerere, adandiyankha mosatekeseka kuti kumanda. Ndidayesa kuti sindidamve bwino Chizungu chake.

Masewerawo amayenda motere. Munthu amatenga kabokosi kosalowa madzi n'kuikamo kabuku kolembamo maina, pensulo ndi tinthu tina tosadula monga tizidole kapena ndalama zachitsulo za maiko ena. Amakabisa penapake, m'phanga la mtengo kapena kuseri kwa mwala, kenaka amalengeza manambala osonyeza malowo. Wofuna kukapeza amalowetsa manambalawo m'makina a GPS, masiku ano m'foni momwe, n'kumatsata muvi mpaka atafika. Akakapeza amalemba dzina lake ndi tsiku m'kabuku muja. Akatengamo kanthu ayenera kusiyamo kena, ndipo kabokosiko amakabwezera mmene adakapezera. Mphotho ina palibe.

Chiyambi chake sichakale ayi. GPS idapangidwa ndi asilikali a America, ndipo kwa zaka zambiri iwo ankasokoneza dala uthenga wochokera ku masetilaiti, mwakuti makina a munthu wamba ankatha kuphonya malo ndi mamita 100. Pa 2 Meyi 2000 boma la Pulezidenti Bill Clinton lidaleka kusokonezako, ndipo usiku umodzi wokha makina omwewo adayamba kulondola kwambiri. M'mawa mwake, pa 3 Meyi, katswiri wina wa makompyuta, Dave Ulmer, adafuna kuyesa ngati zidali zoona. Adatenga ndowa yakuda yapulasitiki, n'kuikamo mabuku, makaseti a vidiyo, legeni, chitini cha nyemba ndi kabuku kolembamo, n'kukaibisa m'nkhalango ina pafupi ndi Beavercreek. Manambala ake adawalengeza pa intaneti. Pasanathe sabata anthu adali ataipeza kale. Pofika Sepitembala chaka chomwecho mabokosi odziwika adalipo 75, ndipo m'chaka cha 2017 adapitirira 3 miliyoni padziko lonse.

Tsono chimene chidandichititsa chidwi monga munthu wokonda mbiri yakale ndi malo amene ndowa ija idabisidwa. Beavercreek ili pafupi ndi tauni ya Oregon City, ndipo Oregon City ndi pomwe padathera njira yotchuka ya Oregon Trail, imene idabweretsa azungu ambiri kudzakhazikika kudera limeneli. Eni ake amawatcha anthu amenewa kuti pioneers. Kwa ife amene tidakula nthawi ya MYP liwu loti apayoniya limatikumbutsa zina, koma kumeneko limatanthauza makolo amene adatsegula malo, ndipo amalitchula mwaulemu waukulu.

Manda amene tidapitako ali pakaphiri pakati pa minda, mtunda wa ola limodzi kumwera kwa Portland. Nditafika pachipata miyendo idakana. Kwathu munthu salowa kumanda chilowelowe. Umayamba wapempha kwa amfumu, nkhuni za kumeneko sitola, ana sapitako, ndipo pochokako umasamba m'manja. Apa kamtsikana ka zaka khumi kadali katathamangira kale mkati, foni ili m'manja. Mayi ake ataona kuti ndaima adandifotokozera kuti kabokosiko sikali pamanda. Amene adakabisa adalengeza manambala a pachipata okha, n'kupereka mafunso: pezani chiliza cha mayi wobadwira ku Kentucky, tengani manambala awiri omaliza a chaka chimene adamwalira, werengani ana amene agona mumzere wa kumpoto, phatikizani. Yankho lake ndilo limapereka manambala a pomwe pali kabokosi, kunja kwa mpanda, m'phanga la mtengo. Choncho palibe angakapeze asanawerenge miyala.

Ndidalowa, chipewa chili m'manja. Miyala yambiri idali itamera ndere, ina itagwa chafufumimba. Pafupifupi yonse yakale idali ndi nkhani imodzi: wobadwira ku Kentucky, ku Ohio kapena ku Missouri, womwalira ku Oregon. Mayi uja adapita pamwala wina waung'ono, n'kugwada, n'kuyamba kuzula udzu. Adati amenewo ndi agogo a agogo awo a agogo ake, amene adafika m'chaka cha 1852 ali wamasiye ndi ana asanu. Nditafunsa za bambo wa anawo, adaloza kum'mawa n'kunena kuti ali penapake ku Nebraska. Kuti timvetse yankho limeneli tiyenera kubwerera panjira ija.

Njira ya Oregon Trail idayambira m'mbali mwa mtsinje wa Missouri, makamaka pa tauni ya Independence, ndipo kutalika kwake kudali makilomita pafupifupi 3,500. Kumeneko n'kuyenda kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa pafupifupi katatu. Gulu lalikulu loyamba, la anthu pafupifupi 1,000, lidanyamuka m'chaka cha 1843. Kuchokera nthawi imeneyo kufikira 1869, pamene njanji yodutsa dziko lonselo idatha kumangidwa, anthu oposa 300,000 adadutsa njira imeneyi ndi nthambi zake, ena kupita ku Oregon kukafuna minda, ena ku California kukafuna golide, ena ku Utah chifukwa cha chipembedzo. Ankanyamuka mu Epulo kapena Meyi, msipu wa ng'ombe utamera, ndipo ankayenera kudutsa mapiri chisanu chisanatseke njira. Ulendo unkatenga miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi. M'mafilimu timaona anthu atakhala phee m'ngolo, koma zoona zake n'zakuti m'ngolo munkadzaza ufa, nyama youmika, zida ndi mbewu. Anthuwo ankayenda wapansi pambali pa ng'ombe, makilomita 20 kapena 25 patsiku.

Mafilimu omwewo amatinamizanso kuti ambiri adaphedwa ndi mivi ya eni dziko. Amene adafa choncho adali ochepa. Chimene chidapulula anthu ndi matenda, makamaka kolera, amene adasakaza kwambiri m'zaka za 1849, 1850 ndi 1852 m'mbali mwa mtsinje wa Platte ku Nebraska. Magulu onse ankagona pamisasa imodzimodzi, kumwa m'zitsime zosaya zimene adakumba anzawo adzulo, pafupi ndi pomwe anzawowo adadzithandizira. Nthawi imeneyo padalibe amene ankadziwa kuti kolera imayenda m'madzi. Dotolo John Snow adadzasonyeza zimenezi ku London m'chaka cha 1854. Ife amene tidaona kolera ya 2022 ndi 2023 sitifunika kuuzidwa liwiro lake. Munthu ankadya kadzutsa ali bwinobwino, pofika usiku ali mtembo. Akatswiri a mbiri amayerekeza kuti amene adafera panjira adali pakati pa 10,000 ndi 30,000. Ngakhale titatenga chiwerengero chochepacho, ndiye kuti pa kilomita iliyonse padali manda atatu.

Koma manda odziwika lero ndi ochepa zedi, ndipo chifukwa chake ndicho chidandikhudza kwambiri. Padalibe nthawi yokhala pamaliro, padalibe matabwa a bokosi, ndipo m'zigwa zambiri mudalibe ngakhale mwala woti n'kuzokotapo dzina. Kuposa apo, achibale ankabisa dala mandawo. Poopa mimbulu, ndi poopa kuti anthu angafukule mtembo kuti atenge zovala, ankakumba dzenje pakati penipeni pa njira, n'kukwirira, kenaka mdipiti wonse wa ngolo ndi ng'ombe unkadutsa pamwamba pake mpaka mtumbira utafafanizika. Taganizani mayi wamasiye akuyendetsa ngolo yake pamwamba pa mwamuna wake pofuna kumuteteza. N'chifukwa chake mnzanga uja adangoloza kum'mawa.

Palinso china chodabwitsa. Liwu loti cache, limene lili mkati mwa dzina la masewerawa, n'lochokera ku Chifalansa, ndipo alenje a zikopa a kumapiriko ankalitchula ponena dzenje lobisamo katundu woti adzamutenge pobwerera. Apaulendo aja nawonso ng'ombe zikatopa ankakwirira katundu wolemera. Pofuna kuti obwera m'mbuyo asafukule, ena ankaumba mtumbira pamwamba pake n'kuzikapo thabwa lolembedwa dzina lopeka, kuti paoneke ngati manda. Ndiye kuti panjira imodzimodziyo manda enieni ankawasandutsa njira, pomwe nkhokwe za katundu ankazisandutsa manda. Mabokosi obisika ndi manda zidayamba kusokonezana kumeneko zaka 150 Dave Ulmer asanakwirire ndowa yake.

Manda ochepa amene adapulumuka adapulumuka chifukwa cha khama la munthu mmodzi. Chitsanzo chotchuka ndi cha Rebecca Winters, mayi wa mpingo wa Mormon amene adamwalira ndi kolera pa 15 Ogasiti 1852 pafupi ndi pomwe pali tauni ya Scottsbluff, ali paulendo wa ku Utah. Mnzawo wa banjali, William Reynolds, adatenga mkombero wachitsulo wa gudumu la ngolo, n'kuzokotapo dzina la mayiyo ndi tchizulo, n'kuuzika pamandapo. Matabwa a pamanda ena adaola, koma chitsulocho chidakhala. Patapita zaka pafupifupi 50 oyeza malo a kampani ya njanji adachipeza m'udzu, ndipo njanji idadutsa pambali pake. Alendo odzaona mandawo adachuluka mpaka zidayamba kuopsa chifukwa cha sitima, ndipo m'chaka cha 1995 mafupa ake adasamutsidwa kuchoka pafupi ndi njanjiyo, zidzukulu zake zoposa 100 zilipo. Kusiyana kwa mayi ameneyu ndi zikwi za anzake amene adafera panjirayo ndi usiku umodzi umene munthu adagwira tchizulo m'malo mogona.

Loweruka lotsatira tidakwera ku phiri la Mount Hood kukaona manda ena. Chigawo chomaliza cha ulendo wa ku Oregon chinkadutsa m'mbali mwa phirili pamsewu wa Barlow Road, umene Sam Barlow adautsegula m'chaka cha 1846 n'kumalipiritsa madola asanu pangolo iliyonse. M'chaka cha 1924 anthu omanga msewu watsopano adapeza mafupa a mayi wina ataikidwa m'bokosi lopangidwa ndi matabwa a ngolo. Adamuikanso pambali pa msewu. Dzina lake silili pachikwangwani, pamangolembedwa kuti manda a mayi wa chipayoniya. Adali atayenda makilomita oposa 3,000, n'kufa kutatsala ulendo wa masiku ochepa. Odutsa amaponyapo mwala, ndipo pano ndi mulu waukulu. Inenso ndidaponyapo wanga.

Kufika pamenepa mtima wanga udali utafewa, ndipo ndidayamba kuona ngati masewerawa ndi abwino kotheratu. Manda ang'onoang'ono a m'midzi ngati aja tidayambira alipo mazanamazana ku Oregon, ndipo ambiri achibale adasamukako kalekale. Amene amafikako lero, kuzula udzu ndi kukanena ku khonsolo mwala ukagwa, kawirikawiri ndi anthu osaka timabokosi. M'zigawo zina monga Indiana muli mndandanda wonse wa mabokosi otchedwa Spirit Quest, amene cholinga chake n'kufikitsa anthu kumanda akale oiwalika. Kamtsikana kaja kankadziwa zaka za makolo ake asanu ndi awiri pamtima. Ndi angati mwa ana athu angatchule dzina la agogo a agogo awo?

Koma masewera amene amayenda ndi miyala yolembedwa amangokufikitsa kwa anthu amene adapatsidwa mwala. Chigwa cha Willamette, kumene apaulendo aja ankathamangira, sichidali chopanda anthu. Mudali mtundu wa Akalapuya, amene chaka ndi chaka ankatentha tchire monga timachitira ife, ndipo n'chifukwa chake azungu adapeza madambo oyera ongofunika khasu. Malungo amene adabuka kuyambira 1830 mpaka 1833 adapha ambiri a iwo. Otsalawo adasainitsidwa pangano m'chaka cha 1855, ndipo m'chaka cha 1856 adasamutsidwira ku malo otchedwa Grand Ronde. Nthaka yawo idali itayamba kale kugawidwa. Lamulo la 1850 linkapatsa mzungu wosakwatira amene adafika kale maekala 320 aulere, ndipo banja linkalandira maekala 640, theka lake m'dzina la mkazi. Pakaphiri paja mnzanga ankazula udzu, palibe mwala ngakhale umodzi wotchula amene ankakhalapo kale.

Munthu wakuda lamulo limenelo silidamuwerengere. M'chaka cha 1844 boma la atsamunda a ku Oregon lidakhazikitsa lamulo loti wakuda aliyense wokana kuchoka m'dzikomo azikwapulidwa zikoti zofika 39 miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Chilango cha zikoticho adachisintha chisanayambe kugwira ntchito, koma mfundo yoletsa akuda idalowanso m'malamulo oyendetsera chigawocho a 1857 ndipo idachotsedwa m'chaka cha 1926. George Bush, mlimi wakuda wochokera ku Missouri, wosiyana ndi apulezidenti aja, adayenda njira yonseyo m'chaka cha 1844 ndipo adathandiza mabanja a azungu amene adali nawo paulendo. Atafika adapeza kuti saloledwa, choncho adawoloka mtsinje wa Columbia n'kukakhala kumpoto, kumene lero ndi chigawo cha Washington. Padafunika lamulo lapadera la nyumba ya malamulo ya dziko lonse m'chaka cha 1855 kuti munda wake ukhale wake.

Mumzinda wa Portland momwemo muli manda akale otchedwa Lone Fir, mmene mudagona anthu otchuka amene misewu ya mumzindamo idatengera maina awo. Pangodya ina, yotchedwa Block 14, ankaikapo Matchaina amene adabwera kudzagwira ntchito zolemetsa monga kumanga njanji. M'chaka cha 1948 akuluakulu a boma adafukula malowo n'kunena kuti mafupa onse achotsedwa, ndipo pambuyo pake padamangidwa nyumba ya maofesi ndi poimika magalimoto. M'chaka cha 2005 ofufuza adapeza kuti anthu ena adali chigonere pansi pomwepo. Nyumbayo idagwetsedwa. Ine monga wogwira ntchito m'boma nkhani imeneyi idandiluma, chifukwa ndikudziwa momwe fayilo yonena kuti ntchito yatha imasainidwira ndi munthu amene sadapiteko.

Ndidamuuza mnzanga uja maganizo amenewa, ndipo sadakwiye. Adati ena mwa obisa mabokosi amalemba nkhani zoterezi pofotokoza malo awo, koma adavomera kuti ambiri amangotamanda makolo awo. Adandiuzanso kuti si onse ku America amene amakondwera ndi masewera a kumanda. M'chaka cha 2005 ku South Carolina kudabuka madandaulo ochokera m'dera la Beaufort, kumene kuli manda akale a zidzukulu za akapolo. Phungu wa deralo adabweretsa bilu yoletsa geocaching m'manda ndi m'malo a mbiri popanda chilolezo cholembedwa. Biluyo idadutsa m'nyumba yaing'ono ya malamulo koma siidafike pokhala lamulo. Sindidadabwe kumva kuti odandaulawo adali anthu akuda a m'midzi. Manda awo ambiri alibe ziliza zolembedwa, ndipo mlendo wotsata muvi wa pafoni angathe kuponda munthu osadziwa. Ndidazindikira kuti mantha amene adandigwira pachipata paja sadali umbuli ayi.

Maganizo anga ndi akuti mwambo wa kwathu woyamba wapempha kwa eni manda ndi wolondola, ndipo sindingafune kabokosi ka zidole kumsitu kumene kudagona amayi anga. Komabe anthu aja adandichititsa manyazi pa chinthu chimodzi. Agogo anga aamuna adanyamuka wapansi m'zaka za m'ma 1950 kupita ku Salisbury, kumene makolo ankati ku Halale. Kalata yawo yomaliza idachokera pafamu ina ya fodya, ndipo kuchokera pamenepo tidangoti adatchona. Ndikudziwa kuti ambiri a inu muli ndi nkhani yonga yomweyi, ya ku Joni, ku Wankie kapena ku Kitwe. Nafenso tikafunsidwa timangoloza kumwera. Amenewo tidawataya, ndipo palibe makina angawabweze. Koma ngakhale amene adagona kumudzi tikuwataya pang'onopang'ono, chifukwa mitumbira imaphwa ndi mvula, mitanda yamatabwa chiswe chimadya, ndipo amene amadziwa kuti apa pali uje ndi okalamba awiri kapena atatu.

Nditabwerako, pa tchuthi cha Khirisimasi, ndidapita kwa amfumu a kwathu ndi nkhuku m'manja. Ndidawafotokozera kuti ndikufuna kuima pambali pa mtumbira uliwonse wa banja lathu, kulemba manambala a malowo kuchokera pafoni, ndi dzina la wogonapo, m'kabuku koti kazisungidwa. Adandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati boma likufuna kugulitsa malowo. Nditawatsimikizira kuti ndabwera ngati mwana wa m'mudzi, adati, "Chabwino mwanawe, koma mupite ndi adzukulu, ndipo mulembenso a mayi anga." Tidalowa m'mawa wa Loweruka, anthu asanu. Tidawerenga mitumbira 41 imene inkaonekabe, ndipo maina tidapeza 26. Pa 15 yotsalayo adzukulu adatsutsana, ndipo adati tidikire mvula ithe kuti tikatenge agogo ena a kutsidya kwa mtsinje, amene adakwatiwa m'mudzimo nthawi ya njala ya 1949.